Nthochi m'Bokosi la Fackson

Mlongo wanga Fackson anachoka pa Kalingalinga, komboni yathu ya mu Lusaka, Lachisanu akuyenda ndi miyendo yake, atavala malaya ake achikasu, akundiseka kuti ndanenepa. Lolemba madzulo mnzake Rex anamubweza ali m'kathumba ka pulasitiki: malaya, buluku ndi nsapato.

"Ni ngwena, ba Ketty," anatero Rex, akupukuta m'maso momwe munalibe msozi. "Yamutenga pa Sondo kuseni, pamene enze kusuka boti. Tinasakila mpaka zuba kungena. Palibe olo chala." Ankatanthauza kuti ng'ona inamutenga Lamulungu m'mawa.

Mlamu wanga Justina, mkazi wa Fackson, anadzigwetsa pansi n'kuyamba kugubuduka m'fumbi. Ine ndinangoima chilili, maso ali pa Rex. Kulira ndinalira pambuyo pake ndili ndekha kuseri kwa nyumba, koma pa nthawi imeneyo chimene chinalowa mumtima mwanga sichinali chisoni. Unali ukali.

Fackson, Rex ndi mnzawo wina Whyson ankagwira ntchito limodzi kukampani ya mabasi. Zinali zaka zija makampani ankatsekedwa motsatizana, ufa ukukwera mtengo mwezi ndi mwezi, amuna a mataye akusanduka ogulitsa makala. Kampani yawo itagwa, Fackson, amene anali katswiri wowotcherera zitsulo, anatola malata a basi yakufa n'kupanga bwato. Rex anali ndi kaminibasi kotsokomola. Whyson anali ndi mapoto ndi pakamwa. Ndiye atatuwa anayamba kutenga anthu a kumayadi, a ku Kabulonga ndi kwina, kupita nawo kokapuma ku Chamchenga kumapeto kwa sabata, bwato atalimangirira padenga la kaminibasi.

Chamchenga ndi katawuni kakang'ono kuchigwa, m'mbali mwa Zambezi, komwe mvula imangolonjera n'kupitirira ndipo nthaka ndi mchenga ndi miyala yokhayokha. Ine ndinafikako kamodzi, ndipo mpaka lero sindimvetsa chimene anthu olemera amatayira petulo kumeneko. Koma eni ake ati n'kokongola. Amajambulitsa pansi pa milambe, amasisita mitengo ina imene inagwa kalekale n'kusanduka miyala, amaloza mvuu ali m'bwato, amawedza nsomba zikuluzikulu n'kuzibwezanso m'madzi, ife kuno tikulimbirana mitu ya kapenta. Pamwamba pa phiri, kutali ndithu ndi mtsinje, pali kasupe wa madzi otentha, wofuka nthunzi, momwe amaphikamo mazira n'kumaomba m'manja ngati aona zozizwitsa.

Fackson ankaudziwa mtsinje umenewo. Mlendo akangoviika chala m'madzi, iye ankamukalipira ngati mwana, kaya akhale bwana wamkulu chotani. Bwato ankalikokera pamchenga n'kulitsuka ndi ndowa. Munthu wotereyu ng'ona ikanamugwirira pati?

Lachiwiri amalume a Edmond anafika kuchokera ku Chawama atavala jekete lawo la maliro, n'kugamula nkhani asanamwe n'komwe madzi.

"Madzi akadya munthu sabweza," anatero. "Kwathu kummawa tikasowa mtembo timadula thunthu la nthochi, timaliveka zovala zimene malemu anavala komaliza, n'kuliika m'manda. Tikatero maliro atha, palibenso wofukula nkhaniyi. Tiika Loweruka."

"Bokosi nizagula ine, bamalume," anafulumira Rex. "Enze mubale wanga uja. Nizanyamula na manja yanga."

Anthu anavomereza ndi mitu, ena mpaka kunena kuti mnzako weniweni umamuonera pa tsoka.

"Ine sininayamwe bele limozi na nthochi," ndinatero. "Nifuna Fackson."

"Ketty, khala pansi," anatero amalume. "Chisoni chisakuvule ulemu."

Ndinakhala pansi. Koma chamumtima ndinalumbira pa manda a amayi athu kuti nthochi imeneyo siilowa m'dothi m'dzina la mlongo wanga, ndipo amene anachita zimenezi adzandidziwa kuti ndine mwana wa yani.

* * *

Kupolisi ndinapeza a Ngosa, ofufuza milandu, atakhala panja pansi pa mtengo chifukwa mu ofesi magetsi anali atazima. Anali munthu wowonda, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu akuchita kugula.

"Mayo, banzathu ba ku Chamchenga banaona kale," anatero. "Vovala pa boti, mukwekwe wa ngwena pa muchenga. Manje imwe mufuna nikamange ngwena?"

"Mukwekwe olo ine ningaupange na chimutengo."

Apo m'pamene anandiyang'ana bwinobwino.

"Mwakamba zoona. Koma motoka yathu ikhala pa myala, petulo kulibe. Elo Rex ali na pobisala. Akamba ati anasiya Fackson pa boti, eve anakwela ku phiri, ku manzi yokupya, kuphika mazira ya balendo. Balendo banadya mazira yakali yokupya. Muniletele chinthu chamene ningagwile na manja, osati mutima wanu. Mutima sitiupeleka ku khoti."

"Nizakuletelani."

"Muletele ine, mayo. Osazipangila mweka. Maso yanu siniyakonda."

Ndinanyamuka n'kumapita, chifukwa anali ataona zoona.

* * *

Whyson ndinamupeza masana pa shabini ina ku Mtendere, atakumbatira kapu ya kachasu. Atandiona anafuna kuzembera kuseri, koma ndinamugwira lamba.

"Basisi, ine nenze gone! Mulungu aniona, nenze gone! Ninamwa maningi na banyamata ba pa resiti hausi. Ananiusha ni ba Rex, zuba yakwela kale, mazira yali mu poto, ati tiye tipeleke balendo ku boti."

"Ku boti munapezako chani?"

"Vovala. Vopeteka mushe monga va mu shopu, nsapato pamwamba." Anamwa pang'ono. "Ndiye chamene chinaniyofya. Ba Fackson kupeta vovala? Baja benze kuvula shati monga bamenyana nayo, baponya kulikonse."

"Boti yenze yosuka?"

Anayamba kuzunguza kapu, akuyang'ana m'kati mwake ngati yankho lili pansi pa kachasuyo.

"Whyson."

"Mamba ya nsomba yenze mwamene muja. Ndowa yenze youma, basisi."

Ndinamukhazika pa benchi n'kukhala moyandikana naye kuti asathawe.

"Banayambana chani na Rex?"

Anayang'ana uku ndi uku, mawu n'kutsika. "Masaka. Pobwela ku Lusaka ba Rex benze kufaka masaka pansi pa boti, pamwamba pa basi. Nyama yoyanika ya mu sanga. Nthawi zina vinthu vitali, voyela, vamene sinifuna kutchula. Ba Fackson banakamba ati boti ni yanga, maskauti bolonda nyama bakatigwila bazamanga ine, so tikafika nizakaulula. Ba Rex banaseka chabe."

"Uzakamba ivi kuli ba Ngosa?"

"Awe! Nili na bana ine. Elo ninaona chani? Munthu enze ku phiri. Mazira ninayagwila neka, yananiwotcha na vala."

"Iwe ku kasupe unayendako?"

"Ulendo uja palibe anayendako, koma beve beka. Balendo tenze kufuna kubapeleka mumazuba. Manje vinthu vinaonongeka."

Ndinamusiya akuitanitsa kapu ina. Chifukwa chophera munthu ndinali ndachipeza, koma mazira a Rex anali atanditsekerabe njira.

* * *

Ine ntchito yanga ndi kuchapa ndi kusita zovala ku Kabulonga, kwa mayi Chisala, ndipo ndine ndinawakopa kuti azikwera bwato la mlongo wanga. Ulendo umenewu analipo, iwo ndi amuna awo ndi anzawo ena. Lachinayi ndinayenda wapansi kukawaona, chitenje chakuda m'chiuno. Ndinawapeza pakhonde akupaka zikhadabo.

"Ketty, sole, sole maningi. Uziba sinigona? Bipi yanga yakwela. Wikendi yonse inaonongeka!" Anazindikira chimene ananena n'kugwira pakamwa. "Nitanthauza, ni vachisoni."

"Madamu, Rex munamuona nthawi bwanji pa Sondo?"

"Basi tinaimvela ichoka kukali kuseni, ikosomola monga masiku yonse. Inachedwa kubwela, ba Chisala mpaka banayamba kudandaula njala. Ndiye yabwela kuchokela ku njila ya ku phiri. Ninaiona na maso yanga, fumbi kumbuyo. Rex eka, na poto ya mazira. Osamuganizila voipa, Ketty. Mwamuna uja analila maningi."

"Pochoka enze eka?"

"Pochoka sininaone, nenze mu bafa." Anauzira zikhadabo. "Olo so, bwino sitinakwele ku kasupe. Ukumbuka matawelo ya chaka chatha mwamene yananunkhila? Unavutika nayo iwe."

Ndinawatsanzika. Mboni yomwe ndinkaidalira inali itangomumangira Rex mpanda wina, ndipo Loweruka linali likuyandikira.

Pobwerera ndinaima pa kantemba kena n'kuyang'anitsitsa mankhwala a makoswe amene anapachikidwa pamsomali. Sindibisa: ndinkaganiza za tiyi wa pamaliro ndi kapu yachitsulo imene Rex ankakonda kumwera. Ndinkafuna kumuona akuphupha pansi monga anagubudukira Justina. Chimene chinandibweza si chifundo, chifundo ndinalibe. Koma Rex akafa, ndani akanandiuza komwe kuli Fackson?

* * *

Lachisanu thunthu la nthochi linafika pa wilibala. Analigoneka kuseri kwa nyumba, likudontha madzi ake, ntchentche zikulizungulira. Bokosi nalo linafika, la matabwa a paini, lopakidwa vanishi, Rex ali patsogolo kulamula akalipentala kuti asaligunditse. Amayi a kutchalitchi anamupatsa mpando wabwino ndi tiyi wa mkaka.

Justina anandiitanira kuchipinda n'kundipatsa kathumba ka pulasitiki kaja. Maso ake anali atatupa.

"Mulamu, ine siningakwanise kuvigwila. Musiteko ndimwe. Olo ni nthochi, iyende yooneka bwino."

Ndinalandira. Sindinafune kuveka nthochi, koma zovalazo zinali za Fackson, ndipo sindikanalola munthu wina kuzigwira. Magetsi kunalibe monga mwa masiku onse, choncho ndinatenga simbi ya makala, ndinaikupiza mpaka makala anafiira, n'kuyala bulangete patebulo kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thunthu lija.

Ndinayamba ndi buluku. Linali la fumbi ndi mafuta a injini, fungo la mlongo wanga lenileni, moti ndinaluma mlomo kuti ndisalire. Kenako ndinayala malaya achikasu aja. Anali ouma gwa, okhakhala ngati achapidwa popanda sopo n'kuyanikidwa padzuwa lamphamvu. Ndinawaza madzi ndi zala, n'kutsitsa simbi paphewa.

Nthunzi inakwera n'kundimenya kumaso. Ndinabwerera m'mbuyo.

Fungo la mazira owola.

Fungo limenelo ndinkalidziwa. Ndi lomwe ndinalimbana nalo pa matawelo a mayi Chisala: ukawanunkhiza ali ouma sumva kanthu, koma ukangoikapo simbi limadzuka. Madzi a Zambezi sanunkha choncho. Madzi a pampopi sanunkha choncho. Kuchigwa konse kuja malo ake ndi amodzi okha, kasupe wa pa phiri.

Ndinaika simbi pamwala n'kutembenuza malayawo. Kukolala kunali banga lofiirira. Aliyense amene analiona anangoti ndi dzimbiri, pakuti wowotcherera zitsulo sasowa dzimbiri pa zovala. Koma dzimbiri la Fackson ndalichapa kuyambira ali mnyamata. Limakhala la timadontho, pamwamba pa nsalu. Ili linali banga limodzi lalikulu, lolowerera mu ulusi uliwonse, kuchokera pakolala kutsikira kumsana.

Mtsikana aliyense amauzidwa atangotha msinkhu kuti magazi amachapidwa ndi madzi ozizira. Ukawathira otentha amapsa, ndipo sachoka mpaka nsaluyo idzang'ambike. Koma Rex anakula akuchapiridwa ndi amake, n'kuchoka m'manja mwa amake kulowa m'manja mwa mkazi wake. Mpango wa m'thumba womwe sanauchapepo. Ataona madzi owira akufuka patsogolo pake, anangoti Mulungu wamupatsa bafa.

Ndinakhala pansi, malaya ali pachifuwa. Tsopano zonse ndinaziona. Fackson sanatsale pa bwato ayi, anakwera nawo kaminibasi. Rex ankafunika zovala zoti akaike pa bwato kuti anthu ayang'ane m'madzi, asayang'ane kumtunda, ndipo aliyense ankadziwa kuti Fackson anavala malaya achikasu. Ndiye anamuvula, anachapa malaya pa kasupe, dzuwa la kuchigwa linaumitsa, mazira nawo akupsa pambali.

Sindinasitenso. Ndinapinda malayawo, ndinawabisa m'chitenje, n'kuthamangira kupolisi. A Ngosa anali pansi pa mtengo womwe uja.

"Mwaniletela chani, mayo?"

"Mailo mubwele ku malilo," ndinatero. "Mubwele na mphuno yanu."

* * *

Loweruka m'mawa bwalo linadzaza. Amuna anakhala pa mipando yotulutsidwa m'nyumba, amayi pamphasa, achinyamata ataima m'mbali mwa mpanda. Bokosi linali pakati, lotsegula, thunthu la nthochi lili m'kati litavekedwa buluku ndi nsapato kumapeto kwake. A Ngosa anakhala kumbuyo atavala zovala wamba. Whyson anali atatsamira mtengo, kachasu wa dzulo asanamuchoke.

Monga mwa mwambo, amene analipo pa imfa ndiye amafotokozera khamu momwe zinakhalira. Amalume anaitana Rex. Anaimirira atavala magalasi akuda, n'kufotokoza bwino kwambiri, mawu akunjenjemera pamalo oyenera. Anati anamusiya mnzake pa bwato ali wosangalala. Anati akanadziwa sakanakwera phiri. Amayi ena analira mokweza.

"Malaya ali kuti?" anafunsa amalume. "Ketty, bweretsa timalize."

Ndinatuluka m'nyumba malaya ali paphewa, kapu ya madzi kudzanja lamanzere, simbi ya makala kudzanja lamanja, makala ali psuu. Anthu anayang'anana.

"Bamalume, munikhululukile, sininasilize kusita. Koma nifuna nifunseko ba Rex, kuti mutima wanga ukhale pansi."

"Ketty, pano si pabwalo la milandu."

"Balekeni bafunse, bamalume," anatero Rex mokoma mtima. "Ni chisoni."

"Ba Rex, ku kasupe munayenda na ndani?"

"Neka."

"Fackson sanafikeko?"

"Nakamba kale, enze ku boti."

"Whyson? Balendo?"

"Palibe. Ulendo uja ku kasupe kunafika ine neka. Funsani aliyense." Anatembenukira khamu, manja atatambasula. "Whyson, nanama?"

"Simunaname," anatero Whyson.

"Nanga iyi shati?"

"Yenze pa boti, pa muchenga. Mwamene anaisiyila."

"Siinakwele phiri?"

Anaseka pang'ono. "Shati ili na mendo, ba Ketty?"

Ndinayala malayawo pa chivundikiro cha bokosi chimene iye mwini anagula. Ndinawaza madzi. Ndinatsitsa simbi kumsana, n'kuisindikiza ndi mphamvu zanga zonse. Nthunzi inakwera, kamphepo n'kuitengera kwa amuna. Amalume anagwira mphuno. A Ngosa anali atafika kale pambali panga, akununkhiza ngati galu wosaka.

Woyamba kulankhula anali Whyson. Anachoka pamtengo paja, maso ali tong'o.

"Kasupe," anatero. "Iyo ni fungo ya kasupe! Ba Rex, shati inafika bwanji ku kasupe?"

"Ni mazira!" anakuwa Rex. "Ninagwila mazira, elo ninagwila shati!"

"Mazira yaja ninasenda ndine," anatero Whyson. "Yenze yabwino. Siyananunkhe."

Ndinatembenuza kolala n'kuikweza kuti onse aone.

"Nguwe iyo," anatero Rex, mawu atayamba kuuma. "Dzimbiri. Munthu enze wa vinsimbi."

Sindinatsutsane naye. Ndinapereka malayawo kwa amayi pamphasa. Anayenda dzanja ndi dzanja, aliyense akufikisa nsaluyo ndi chala, akuyang'anitsitsa. Panalibe wofunsa mnzake. Mayi wina wachikulire wa kutchalitchi, yemwe uja anamupatsa Rex tiyi wa mkaka, ndiye ananena mawu amene onse anali nawo.

"Aya ni magazi yophika. Anachapa ni mwamuna."

Malaya atafika kwa Justina, anawayang'ana kamodzi n'kukuwa mfuu imene sindidzaiwala.

"Ba Rex," anatero a Ngosa mosafulumira, "mwakamba mweka pa menso pa bantu ati ku kasupe kunafika imwe mweka. Manje tiyeni tikakambe bwino ku ofesi."

Rex anathawa. Analumpha mpando, anagwetsa amalume, koma pa Kalingalinga suthawa maliro. Achinyamata anamugwira asanafike pa mpanda. Magalasi akuda anaphwanyika. Wina anatola njerwa, wina anakuwa kuti abweretse tayala ndi parafini, ndipo a Ngosa ankangokankhidwa uku ndi uku, mawu awo osamveka.

"Mulekeni!" ndinakuwa. "Ni wanga uyo!"

Anapatuka. Mwina anaona simbi, mwina anaona nkhope yanga. Rex anali chagada m'fumbi, anyamata awiri atamupondereza manja. Ndinagwada pambali pake n'kuyandikiza simbiyo kutsaya lake, pafupi moti thukuta lake linayamba kuuma. Ndinkafuna kumusita. Mulungu ndi mboni, dzanja langa linkafuna lokha, ndipo palibe pabwalopo akanandigwira.

"Mayo," anatero a Ngosa kumbuyo kwanga, chapansipansi. "Munalonjeza kuletela ine."

"Nizamupasani. Ayambe anipasa wanga." Ndinamuyang'ana Rex m'maso. "Ali kuti?"

"Sininafune, ba Ketty. Tenze kukangana chabe, ninatenga sipanala..."

"Sininafunse ivo. Ali kuti?"

Simbi inatsika pang'ono. Anatseka maso.

"Pa kamumana kouma," analira. "Kuseli kwa mitengo ya myala, pansi pa mulambe wobooka. Mu muchenga. Ninaikapo myala pamwamba."

Malo amenewo Whyson ankawadziwa, ine ndinkawadziwa. Ndi pomwe Fackson ankaimika alendo kuti ajambulitse.

Ndinaimirira n'kuika simbi pansi. Sindinamukhululukire, ndipo amene akufuna kundilalikira za chikhululukiro ayambe wasita malaya a mlongo wake. Ndinangomusiya chifukwa ndinkafuna akhale ndi moyo wautali m'ndende, akuchapa yekha zovala zake. A Ngosa anamumanga maunyolo n'kumudzutsa, anyamata omwe aja akuwaperekeza kuti asaphedwe panjira.

Ndinapita pa bokosi. Ndinavula nthochi ija nsapato, ndinaivula buluku, n'kupatsa Justina. Kenako ndinakumbatira thunthulo, lolemera ndi lozizira, ndinalitulutsa n'kuligwetsera m'fumbi. Linagubuduka mpaka kukaima pa mapazi a amalume. Iwo analiyang'ana n'kuvula chipewa.

"Whyson," ndinatero, "makiyi ya basi yali mu thumba ya Rex. Thamanga ukatenge kuli ba Ngosa, ubauze ati motoka yapezeka. Elo usambe kumaso, uzayendesa ndiwe."

Amuna anasonkherana za petulo popanda wowapempha. Bokosi lopanda kanthu analikweza padenga la kaminibasi, pamalo pomwe pankakhala bwato, n'kulimanga ndi zingwe zomwezo. Justina anakhala kumbuyo atafumbata malaya achikasu. Ine ndinakhala kutsogolo, fosholo ili pakati pa miyendo, ndipo tinauyamba ulendo wa ku Chamchenga kukatenga mlongo wanga.